Dzina la Delia pa denga la neba

Lolemba

Delia 07:12
"amayi, azungu amabwera pa ndege, nanga chikwangwani mumaika pansi kuti aone ndani?" Misozi anandifunsa chaka chatha ndinamuseka. lero sindikuseka ba Hosea

Delia 07:13
njovu zagwetsanso chikwangwani changa. zimadzikanda pa nsanamira zikamabwera ku mango

Hosea 07:40
Mwadzuka bwanji amake Misozi. Ndachiona popita ku mjigo. Thabwa lathyokera pakati, silikonzekanso.

Delia 07:41
nde ndimafuna denga lanu

Delia 07:42
langa nlaudzu. lanu malata atsopano, ndege zimadutsa pamwamba penipeni zikamatera pa airport. tilembepo DELIA TELALA zilembo zikuluzikulu. njovu siikwera denga

Hosea 08:15
Ndamva. Nzeruyo siyoipa, koma denga ndi la anthu awiri. Ndikambe kaye ndi amake Evans.

Delia 08:16
pls neba season ikutha. mvula ikagwa ma lodge atseka. achimwene ku Chipata akuti ndinyamule makina ndibwerere, ati kuno ndikungosoka zigamba. Misozi sindinamuuze

Delia 12:30
ba Hosea?

Delia 16:05
mwakamba nawo?

Lachiwiri

Hosea 06:20
Sanavomere, sanakanenso. Anangoti denga ndinakhoma ndine. Ndikwera ndekha chifukwa ndikudziwa podutsa misomali. Zilembo ndiyeza ndi chingwe monga tinkachitira ku night school, zisapendame. Bweretsani penti yoyera.

Delia 06:21
Mulungu akudalitseni!! ndikubwera nayo

Loweruka

Delia 10:48
ndege yadutsa!! mwaimva? inali pansi kwambiri, awerenga basi

Delia 11:55
galimoto za ku lodge zadutsa zonse. palibe yaima

Delia 15:20
ndege ya 15 hrs nayo chimodzimodzi

Hosea 15:52
Mbewu sitifukula tsiku lodzala kuti tione ngati yamera. Dikirani.

Lachinayi

Delia 09:03
ndamufunsa Sunday, driver uja amanyamula alendo pa airport. mverani zomwe wanditumizira

Delia 09:03
🎤 0:19 "Aunt, musadzivute. Ndafunsa alendo anga onse. Ati potera maso amakhala ku mtsinje, kusaka mvuu. Mmodzi anati anaona madenga ngati timabokosi ta machesi. Sorry aunt."

Delia 09:05
timabokosi ta machesi ba Hosea. ndakudetserani malata pachabe

Delia 09:31
achimwene aimbanso. pali galimoto yopita ku Chipata sabata yamawa

Delia 13:10
ndayamba kumasula makina

Delia 13:44
mwakwiya?

Hosea 14:02
🎤 0:58 "Si Hosea, ndine Alice, foni anaisiya pa charger. Amake Misozi, ine ndatopa. Kuchokera tsiku analemba dzina lanu pamutu panga sindipuma. Odi, telala alipo? Odi, telala alipo? Ine ndili pa mtondo! Dzulo wina wanditambasulira buluku long'ambika pathako, pakhomo panga, apongozi anga ali pompo. Ku mpingo ayamba kunditchula amake Telala. Onse ndimawauza kuti kuno kulibe telala, ndipo sindinama. Bwerani mufute."

Delia 14:03
aaa

Delia 14:03
amake Evans dikirani. anthu?? angati

Delia 14:04
azungu?

Hosea 14:09
azungu ati? anthu akwathu konkuno. amakwera kanta, kalole kaja ka ku Nsefu, atakhala pamwamba pa matumba a fetereza. ati ali pamwambapo denga limawerengeka kuyambira pa mlatho

Delia 14:10
nde osawalozera kwathu bwanji mayi inu, mpanda umodzi!!

Hosea 14:12
munandifunsa ine za denga? munafunsa amuna anga

Delia 14:31
zoona. pamenepo ndinalakwa. pepani amake Evans

Delia 15:40
mulipo?

Hosea 17:25
Ndine Hosea tsopano, ndawerenga zonse. Sindikuweruza aliyense. Cholakwa chachikulu nchanga: ndinayeza zilembo bwinobwino, osaganiza kuti munthu amagogoda pa nyumba imene yalembedwa dzina. Tinkayang'ana kumwamba tonse, pamene owerenga amadutsa pa msewu wathu womwewu. Funso la mwana linali labwino, ife ndi amene tinaliyankha mothamanga.

Delia 17:27
manje tifute? mawu ndi a amake Evans, ine sindikakamiza

Delia 17:50
makina ali m'katoni kale. ndingomva

Lachisanu

Delia 06:35
mwadzuka bwanji nonse

Delia 08:10
ok ndamva. ndimuuza Misozi zoti tikusamuka akachokera ku sukulu

Hosea 09:18
ndi Alice. musamuuze kanthu mwanayo. kwabwera amayi Purity a kwaya ya ku Nsefu, kachiwiri aka. akufuna ma uniform a gulu lonse Khrisimasi isanafike. ndinati ndiwabweze koma abwera pa njinga dzuwa lonseli. ndawapatsa madzi. tulutsani makinawo mkatoni tikubwera

Delia 09:18
mukunena zoona??

Delia 09:19
ndilibe ndi mpando womwe, zonse ndamanga

Hosea 09:20
ndinyamula wanga. koma mumve. atate ake Evans akwerenso lero alembe muvi waukulu woloza kwanu. wina akadzandionetsanso buluku ndidzakwera ndekha kukafuta ndi phula

Delia 09:21
muvi ukhale waukulu kuposa dzina langa

Delia 12:46
ndawaimbira achimwene kuti galimoto ipite yokha. amake Evans ndilonjeze pano zikhale zolembedwa: ya kwaya ikatha, nsalu yoyamba kudula ndi yanu, ya Khrisimasi, style musankha nokha. ndipo china chilichonse chokhudza nyumba yanu ndidzayamba kugogoda kwa inu

Hosea 13:02
ya manja otukumuka, osati zanu zothina zija. nanenso ndalonjeza, Misozi asanamalize grade 7 dzinalo silichoka padenga panga. wosochera ndidzamuperekeza ndekha mpaka pakhomo panu