Geoffrey Sakwera Lole ya a Jimmy

Tsakane,
Ogasiti 1996

Okondedwa atsibweni,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi akunyumba ndi ana onse. Nanga mwendo wanu uja unasiya kutupa? Kuno kukuzizira koopsa, koma tili moyo. Ine ndikadali pa ntchito yanga ya m'nyumba ku Kempton Park.

A Jimmy, dalaivala wa lole amene munawatuma, anafika Loweruka. Anatipatsa phukusi la mizu ija, ndipo anatula mawu anu onse: kuti mlongo wanga Geoffrey akwere lole abwerere kumudzi, asiye mapiritsi akuchipatala, mukamuonetse kwa sing'anga. Ndiyankhe msanga kuti musakadikire pamsewu pachabe. Geoffrey sabwera.

Ndinu mwini mbumba, ndipo chibadwire sindinakutsutsenipo. Koma inu mwangomva, ine ndaona.

Geoffrey sanalodzedwe. Matenda anamuyamba chaka cha ziwawa chija, atakwera sitima imene anthu ankaponyedwa kunja ili mkati mothamanga. Kuyambira pamenepo tulo tinamuthera, kenako anayamba kumva mawu m'mutu. Ndawerenga za matenda otere m'mabuku a ku laibulale. Amagwira Mzulu, Mzungu ndi Mchewa mofanana, ngakhale munthu amene alibe mdani.

Zosiya mankhwala tinayesa kale, ndipo izi sindinakulembereni. Mneneri wina anakhoma tenti kuno, kutsogolo ataikako ndowa. Ankati amene ali ndi chikhulupiriro aponyemo mapiritsi ake anthu akuona. Geoffrey anaponya, azimayi a mu tentimo analuluta. Mwezi usanathe ndinakamupeza ku Brakpan akuyenda pakati pa njanji wopanda nsapato, ine mlongo wake osandizindikira. Mneneri uja n'kuti atazula kale tenti yake.

Geoffrey anagonekedwa m'chipatala. Atatuluka, namwino wina anatilozera gulu limene limakumana Lachinayi masana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi china kuno. Onse ndi anthu odwala matenda a maganizo. Palibe wofuula, palibe wogwetsa mnzake pansi. Aliyense amatulutsa mapiritsi ake, kuika patebulo, ndipo amawapempherera monga tichitira ndi chakudya. Kenako aliyense amanena mmene sabata yamuyendera. Wina akajomba, anthu awiri amatumidwa kukagogoda kwawo.

Wotsogolera ndi MaMokoena, mayi Wachisutu amene nayenso anagonapo m'chipatala. Atamva za ndowa ya mneneri anati akanaipeza akanaichapira zovala, kuti igwireko ntchito yooneka. Palinso a Iddi a ku Mangochi, ogulitsa nsapato. Iwo ndi Asilamu, amakhala pafupi ndi khomo, ndipo amati amangobwerera tiyi, koma sanajombepo. A Iddiwo amamutcha Geoffrey bwana wa njanji, ndipo amati tsiku lina akadzafunanso kuyenda pamenepo ayambe wagula nsapato kwa iwo. Geoffrey amaseka mpaka misozi. Kodi inu munamva liti akuseka?

Tsopano amagona. Wabwerera ku ntchito yosamalira maluwa. Sindinena kuti wachira, chifukwa masiku ena amadzuka atalemedwa. Ndinena kuti ali moyo ndipo amandizindikira.

Pali china chimene muyenera kumva kwa ine mwini, osati kwa anthu. Ndinkapita kumeneko ngati womuperekeza chabe. Tsiku lina MaMokoena anatembenukira kwa ine, nandifunsa ngati ineyo ndimagona. Ine amene mumandidziwa kuti sindilira ngakhale pamaliro, ndinagwetsa misozi. Lero ndili ndi mpando wangawanga pagululo, ndipo sindichita nazo manyazi. Choncho ngati mukusonkhanitsa odwala a m'banja mwathu, lole ya a Jimmy ili ndi malo a munthu mmodzi yekha, pamene ife tilipo awiri.

Musaganize kuti ndamubisa kapena ndamulankhulira. Lamlungu a Jimmy anakhala naye maso ndi maso. Anamuopseza kuti kumudzi adzati Joni yatimeza, tasanduka machona osamva akulu. Geoffrey anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anayankha modekha kuti pali bambo wina wa m'gulu amene wajomba, ndipo otumidwa kukagogoda kwawo sabata ino ndi iye ndi a Iddi. Anati sangakwere lole pamene pali khomo limene likudikira dzanja lake. A Jimmy anayang'ana pansi, napempha madzi akumwa.

Mizu ija ndabweza, ndipo ndakutumiziraninso bulangeti la chisanu. Ndikupempha chinthu chimodzi: musaloze chala munthu aliyense kumudzi chifukwa cha Geoffrey. Mukafuna kumuthandiza, Lachinayi masana gwadani kumeneko pamene ife tikugwada kuno.

Mulungu akalola tibwera pa Khirisimasi, pa basi, mwa kufuna kwathu. Mapiritsi adzakhala m'thumba mwake, ndipo adzawaika patebulo panu. Mukadzakana kunena ameni, ndidzanena ndine.

Mundiperekere moni kwa amayi aang'ono, kwa Mavis ndi ana ake, ndi kwa onse ofunsa za ife. Ambuye akusungeni.

Ine mbumba yanu,
Deborah