Pulaneti Yobzala

Lolemba, 3 Malichi

Kamaso sanabwere ku ofesi kwanga lero. Chiyambire chaka chake chachiwiri pa yunivesite pano, Lolemba lililonse amagogoda, n'kukhala pa mpando wothyoka mkono uja, laputopu pamiyendo, mafunso mbwee. Lero zii. Popita kukatenga madzi a tiyi ndamuona pa zenera la labu ali ndi Nsapato Zoyera, mphunzitsi watsopano uja, mitu pamodzi pa sikirini, akuseka. Kodi mu deta ya nyenyezi muli choseketsa chanji? Ine ndaisanthula zaka zonsezi, sindinasekepo.

Mwanayu ndinamutola ndine. Anabwera asakudziwa n'komwe kusunga fayilo, koma ali ndi diso. Pa gilafu ya madontho zikwizikwi amaona limodzi lomwe lakhala molakwika. Dzina loti Kamaso ndinamupatsa ndine. Lachisanu la sabata ya mawa ophunzira a chaka chomaliza akusankha aphunzitsi owayang'anira pa pulojekiti, ndipo mpaka mwezi watha sindinkalota n'komwe kuti mtsikanayu angasankhe wina.

Lachiwiri, 4 Malichi

Phunziro lomwe ndinaliyambitsa ndekha, tsopano akuti "tikuphunzitsa awiri". Atero a Hedi, mkulu wa dipatimenti yathu. Ine Lachiwiri, Nsapato Zoyera (ndizingolemba NZ) Lachinayi.

Lero ndawapatsa ana ntchito yanga ya nthawi zonse, yotsuka deta. Ndawafotokozeranso kuti telesikopu imayeza kuwala kwa nyenyezi mobwerezabwereza, ndipo pulaneti ikadutsa kutsogolo kwake kuwalako kumatsika pang'ono, ngati ntchentche ikadutsa pa babu. Koma musanafuule kuti mwaona ntchentche, yambani mwachotsa fumbi: manambala osowa, malo omwe makina anagwedezeka, madontho omwe angodumpha okha. Theka la kalasi likuyasamula. Wina kumbuyo wanong'ona kuti pulogalamu ya Dokotala, NZ yemweyo, imachita zonsezi munthu ukutafuna chingamu. Ndamva. Makutu anga sanakalambe.

Pakhonde NZ wandipatsa moni wake uja wa "akuluakulu athu". Akuluakulu! Ndimamuposa zaka zingati ine? Ndiye wandipempha deta yoti ana ayeserepo pulogalamu yake yodziphunzira yokha. Ndamuuza kuti akatenge pa kompyuta yaikulu ya mu labu, zonse zili pomwepo. Amafuna ndimuperekeze ndikamutsegulire? Manja ali nawo.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndadutsa pa kalasi yake, dala. Yodzaza thothotho, ena akhala m'mazenera, ngakhale a fizikisi omwe sakutenga phunziroli. Mwini wake wakhala pa tebulo, miyendo ili lende, nsapato zikuwala. Kamaso kutsogolo kwenikweni. Kwa ine amakhala chapakati.

Kunyumba ndawadandaulira abambo, amuna anga. M'malo mondipepesa angoti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, n'kuwonjezera kuti ndikuchita ngati mkazi wamkulu pa mitala. Aseka mpaka kutsamwa. Ndawasiyira mbale atsuke okha.

Inde, ndi nsanje. Ndalemba. Awerenge ndani?

Lachisanu, 7 Malichi

Msonkhano wa dipatimenti. Makompyuta atsopano a mu labu, omwe ndakhala ndikuwalira mpaka mawu kusasa, akubwera mwezi wa mawa "chifukwa njira za Dokotala zimafuna makina amphamvu". Anthu aomba m'manja. Nanenso ndaomba, ndi zala ziwiri. Tsabola wakale sawawa, ndaona ndekha.

Loweruka, 8 Malichi

Ndayesa pulogalamu yake pa laputopu yanga, chitseko chotseka. Imagwiradi ntchito. Bola ikanakanika.

Lolemba, 10 Malichi

Kamaso wagogoda! Mtima unadumpha ngati wa kamtsikana. Koma walowa NZ ali kumbuyo kwake, onse mano ali panja.

Akuti apeza pulaneti. Pulogalamu inasefa nyenyezi zonse n'kuloza zingapo, ndipo Kamaso ndi diso lake lija anaona kuti imodzi kuwala kwake kumatsika mofanana, pa nthawi yofanana. Afufuza m'zolemba za akatswiri, palibe anaitchulapo. Ananditembenuzira laputopu.

Ndinangoyang'ana kamodzi. Ndi yanga. Pa holide yapitayi, pokonza mayeso a kumapeto kwa temu, ndinatenga deta ya nyenyezi imodzi n'kubzalamo pulaneti yabodza. Manambala ndinatsitsa ndekha, ndikumwa tiyi, kuti ndidzaone ngati ana adzaipeze komanso ngati adzaikayikire. Ndi njira yodziwika, aliyense wa ntchito yathu amaidziwa. Ndinaisunga mu foda ina pa kompyuta ya mu labu, osalembapo chilichonse kuti ana asatulukire. Foda imeneyo ndi yomwe NZ anatola.

Anandifunsa kuti akuluakulu athu mukuona bwanji. Ndinati zikuoneka bwino. Basi, mawu awiri amenewo. Munthu wa madigiri a kunja, osafunsa n'komwe kuti deta yachokera kuti! Akuti apempha a Hedi kuti akaionetse pa semina ya Lachisanu m'mawa, kukubwera alendo a ku yunivesite ina. Apite akaionetse. Ine ndidzangokweza dzanja pa nthawi ya mafunso, mwaulemu wonse. Masana ake ana adzasankha akudziwa kuti mphunzitsi ndi uti.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndaphunzitsa mwamphamvu lero, mpaka ndachita nthabwala. Ana adabwa, ayang'anana kaye asanaseke.

Funso langa la Lachisanu ndaliyeserera m'bafa. "Dokotala, deta imeneyi munaitenga mu foda iti?" Mawu ofewa, mutu chopendekera. Abambo agogoda kufunsa ngati ndalowa ndi munthu.

Lachitatu, 12 Malichi

M'chipinda cha tiyi ndamva NZ akuuza a Hedi kuti iye sadzaima kutsogolo. Akuti wapeza ndi mwana, ayankhule ndi mwana, dzina loyamba likhale la mwana, iye azidzangosintha masilaidi. A Hedi kumuyamikira ngati wapulumutsa munthu m'madzi. Ine ndili pakona, ndikutakasa shuga yemwe anasungunuka kalekale. Ngakhale ubwino wake umandinyansa. Sangakhale wodzikonda kamodzi kokha ngati anthu ena?

Masana Kamaso wandipeza pa masitepe. Akuti amayi ake akubwera. Ndi telala, atseka shopu tsiku limenelo, ndipo akumusokera diresi. Sakudziwa bwinobwino kuti pulaneti n'chiyani koma auza kale makasitomala onse. Kenako wandipempha kuti ndidzakhale kutsogolo, kuti akadzachita mantha azidzayang'ana ine. Ndati chabwino. Ndasisitanso phewa lake, ine ndemwe.

Khoswe wakhala pa mkhate. Ndikaponya mwala, ndiswa mkhate wanga womwe.

Abambo ndawauza zonse. Ulendo uno sanaseke. Angofunsa kuti nanga mwanayo wandilakwira chiyani, n'kutuluka kukapopa matayala a njinga.

Lachinayi, 13 Malichi

M'mawa ndinaima pa chitseko cha NZ, dzanja lili m'mwamba, n'kubwerera. Iyeyo andione ine ndikuchita manyazi? Ndinadikira kalasi yake ithe, n'kumuitanira Kamaso ku labu payekha.

Ndinatsegula mafoda onse awiri, wa deta yeniyeni ndi wanga uja, n'kuika magilafu moyandikana. Panalibe chofotokoza. Yeniyeni mzere uli see, yanga ili ndi maenje aja, ofanana ngati odula ndi lumo. Anayang'ana nthawi yaitali. Sanalire, ndipo ndikanakonda akanalira. Ndinayamba kulongolola za mayeso, za foda yopanda dzina, kuti Dokotala akanayenera kufunsa, kuti n'chifukwa chake ndimalimbikira zotsuka deta ndi kukayikira chilichonse chooneka bwino kwambiri. Anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Madamu, munadziwa liti?"

Bodza linali pa lilime, lokonzeka kale: dzulo madzulo. Koma ankandiyang'ana mmene amayang'anira gilafu.

"Lolemba."

"Mu ofesi muja?"

"Eya."

Anafunsa ngati angatenge mafayilo onse awiri. Anakopera pa fulashi, anati zikomo, anatuluka. Ndinamumva akugogoda kwa NZ.

Poweruka NZ wanditumizira uthenga. Akupepesa kuti anatenga foda osafunsa, komanso kuti wandionongera mayeso. Iyeyo kupepesa ine! Zikuoneka kuti Kamaso sanamuuze za Lolemba. Foni ndangoiponya m'chikwama.

Lachisanu, 14 Malichi

Semina yachitika. Anasintha mutu. M'malo mwa "tapeza pulaneti", Kamaso anaonetsa kuti pulogalamu yakwanitsa kupeza pulaneti yobisidwa dala pakati pa nyenyezi zambirimbiri, umboni woti ikadzakumana ndi yeniyeni sidzaiphonya. Nzeru za NZ zimenezo, sindikukayika. Mwanayo anafotokoza yekha mmene anapusitsikira, ndipo anthu anaseka naye, osati kumuseka. Anathokozanso "Madamu amene anakonza deta yoyeserera", mwaulemu, ngati akuwerenga chidziwitso. Mlendo wina waimvi anamupanikiza ndi mafunso, iye anayankha onse, ena ndi mawu anga enieni a m'kalasi. Amayi ake, mayi wamfupi wa magalasi a chingwe m'khosi, ankaomba m'manja pa silaidi iliyonse. Diresi yamukhala.

Ndinakhala kutsogolo monga ndinalonjezera. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Akakakamira ankayang'ana khoma.

Masana anagogoda. Sanakhale pansi. Anaika pa tebulo kiyi wa labu amene ndinamudulitsira kuti azigwira ntchito Loweruka kukakhala kopanda anthu.

Ndinafulumira kuyankhula ndine. Ndinati ndikumvetsa, Dokotala ali ndi njira zatsopano, ndi wachinyamata, ana onse akufuna iyeyo, ndipo sindimusungira chakukhosi. Ndinkadzimva ndekha ndikuyankhula ngati munthu wa mtima wabwino.

"Ine ndinali nditasankha inu kalekale, Madamu. Kwa Dokotala ndinkapita kukaphunzira pulogalamu ija kuti tidzaigwiritse ntchito pa pulojekiti yathu, ndidzakudabwitseni. Ndasintha lero m'mawa."

Anati mutsale bwino, n'kukoka chitseko pang'onopang'ono kuti chisamenyetseke.

Khoma la pakati pa ofesi yanga ndi ya NZ ndi lopyapyala. Ndikumumva akuchotsa mabuku pa mpando kuti mwanayo akhale.