Dzino Langa Lathera pa Laisensi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nsaru onse ali bwino, koma ine ndaguluka dzino.

Lachiwiri tinakangana ndi alamu athu a Yohane za laisensi, malamulo ogawira anthu pulogalamu ya pakompyuta ya matenda a fodya imene tinalemba atatufe, inu, iwo ndi ine. Ine ndinati ikhale ngati dima: takulimira, nawenso udzatilimire. Woikonza agawirenso ena zimene wawonjezera. Iwo anati, "Mphatso siimangidwa chingwe. Wofuna atenge, atseke, agulitse." Nditawatcha wogulitsa thukuta la anzawo, anandimenya ndi mpando pakamwa. Ine ndinawang'amba khutu, magazi mpaka pa laputopu.

Ntchitoyi ndi yanunso, chonde gamulani. Mulungu akusungeni. Mukasankha zawozo, pobwera munditengere dzino.

Mng'ono wanu,
Feliki