Mdzukulu Wanga Akhale Amber?

Lachitatu, madzulo

Usiku wathawu sindinagone chifukwa cha dzina. Mwana wanga Asiyatu akufuna khanda lake litchedwe Amber, ndipo lituluka m'chikuta Loweruka.

Lero ndafunsafunsa ku Kachulu. Dalaivala wa minibasi wandiseka: "Amayi, amber ndi getsi lapakati lija la pa maloboti, loti dikirani kaye!" Ashehe andionetsa mikanda yawo yopempherera, yamtundu wa uchi. Akuti mikandayo ndi ya amber, utomoni wa mtengo umene unauma kalekale. "Ndi wokongola, koma si dzina lathu," atero.

Ndiulule, Mulungu wanga: ine ndimafuna Mariamu, dzina la malemu mayi anga, koma Asiyatu sindinamuuze. Ndikamuumiriza, tiyambana. Ndikangokhala chete, dzina la mayi lithera pomwepa.

Ndatopa ine. Chonde ndiyankheni Loweruka lisanafike.