Teni Koloko ya Yohane

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno nshawa zachita bwino, koma chimanga anyani atithandiza kukolola. Mng'ono wanga Tisa wabereka mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ndikungopemphera kuti asatengerenso makani anu.

Sabata ino ndimaphunzitsa ana a giredi seveni za mizere yotsika pa mapu, ija imasiyanitsa nthawi m'maiko. Poti sukulu yathu kuno kwa Nyalugwe ilibe zipangizo, ndinatenga dzungu n'kulijambula mizere ndi makala. Ndinaliika pawindo polowera dzuwa, n'kumalitembenuza pang'onopang'ono. Tiana timeneti tinamva tsiku lomwelo kuti kuno dzuwa likakhala pamutu, kwina kukungocha kumene. Inu ndinakuuzani katatu konse, koma mawu anga analowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Loweruka lija simunaliiwale. Chifuwa chinali chitakupanikizani, mukupuma mobanika. Ndinapeza galimoto ya thonje yopita ku Nyimba komwe kuli chipatala, yokhayo sabata imeneyo, ndipo dalaivala anavomera kutidikira mpaka masana. Koma Yohane wanu wa ku Amerika, mwana wapamtima, anali atatumiza uthenga kuti aimba foni teni koloko. Munakanitsitsa kukwera musanamve mawu ake. Ndinakuuzani kuti teni koloko yake ndi folo koloko madzulo kwathu kuno. Munati, "Dzuwa ni limodzi, iwe. Mapu ako ukanamizire ana a sukulu."

Munakhala pachulu paja pogwira netiweki, foni ili m'manja, mpaka galimoto inapita ndikuona. Anaimbadi folo koloko. Munaseka naye, n'kumuuza kuti muli bwinobwino. Pa Sondo tinali kulira maliro.

Ndakwiya nanu, amayi, ndipo sindibisa. Pamaliro amalume anauza khamu lonse kuti ine, mphunzitsi wathunthu, ndinalephera kuthamangira nanu kuchipatala. Yohane anakhulupirira. Chaka chatha tsopano osandilankhula, ndipo ndikapita kuchigayo azimayi amagwirana zigongono. Ndinatseka pakamwa chifukwa kuyambira tili ana munkati, "Yohane mtima wake ni wofooka, osamulemetsa." Nanga wangawu munaupima liti? Amene anakutsukirani zofunda miyezi isanu ndine, koma mawu amene munawadikira ndi a munthu wosadziwa n'komwe kuti kwawo nthawi ili bwanji.

Mwezi wamawa Yohane akubwera kudzaika mwala pamanda panu. Kukukondani ndimakukondani, ndipo manda anu ndimawalimira ndekha. Koma ndikulonjezani chinthu chimodzi: tikadzaima pamenepo, amalume ali pomwepo, ndidzamuuza Yohane chimene munatsalira galimoto ija. Akalira, alire. Munamutchinga muli moyo, lero simungandigwirenso pakamwa.

Ndine mwana wanu amene ndinatsala nanu,
Esnati