Chikho Chinamudumpha Yamila

Okondedwa achimwene a Eusebio,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Ushuaia sichinakumalizeni. Kuno ku Tucumán tili bwino, koma ine mtima ukuwira.

Kuyunivesite kwathu alemba ntchito Yamila, mkazi amene pobadwa ankamuyesa mwamuna. Akuluakulu amata zikwangwani khoma lonse, ati pano aliyense ndi wolandiridwa. Bodza lamkunkhuniza! Lachiwiri muofesi chikho cha tiyi wathu wa yeriba chinkazungulira mwa masiku onse, tonse kumwera kapaipi kamodzi. Chitafika pa Yamila, a Ledesma, mkulu wathu, anamudumpha n'kupatsa ine.

"Mwamudumpha mnzathuyu," ndinatero.

"Aa, Griselda, ndimayesa sakonda zowawa," anayankha akuseka.

Sakonda zowawa! Bambo yemweyu amamwera pamodzi ndi anthu a chimfine osanyansidwa. Ndinapereka chikhocho kwa Yamila. Atamaliza ndinathiramo madzi n'kumwa ndekha, maso ali pa a Ledesma. Chiyambire tsikulo aliyense akubwera ndi chikho chakechake, ati ukhondo. Ukhondo wake uti?

Mwana wanu akukhoza bwino m'kalasi kuno. Nditamufotokozera nkhaniyi analira mpaka kusiya chakudya. Tsitsi lakula, musadzadabwe. Pali dzina lina, lachitsikana, limene anzake akumuitanira, ndipo akalimva nkhope yake imawala. Zotsalazo adzakuuzani yekha.

Akabwera pa Khirisimasi, achimwene, chikho chikamadzazungulira pakhomo panupo, musadzayerekeze kumudumpha. Mukadzatero, mudzadziwe kuti mwadumpha ndi ine ndemwe.

Ndine mlongo wanu wosatha kubisa mkwiyo,
Griselda