Ulendo Uno Sindifa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika pageti? Kuno ndili bwino, ndipo poti ndi ine ndikunena, ndiwonjezere kuti ndili moyo.

Uthenga wanu ndinaulandira, woti shopu ya zitsulo yakula ndipo mukufuna munthu wapabanja pakauntala. Ndathokoza kwambiri. Mwatinso ndakula, imvi zayamba, ndisiye kumangofa pa TV. Apo ndinaseka ndekha, chifukwa simunaname.

Ndafa mokwanira, achimwene. Ndinawomberedwa ndili mlonda wa pabanki, ndinamwetsedwa poizoni ndili bwana wankhanza, ndinagundidwa ndi galimoto ndisanamalize n'komwe kupereka moni. Mumsewu wathu dzina langa linaiwalika, onse amangoti a Malemu. Wometa tsitsi akandiona amafunsa kuti lero ndadzukira manda ati.

Komatu kufa ndi luso. Umagona pasimenti yozizira, magetsi akukuotcha kumaso, ntchentche ikuyenda pamphuno, iwe osaphethira, mimba osagwedeza. Achinyamata ongoyamba kumene amabwera kudzandifunsa kapumidwe kake.

Chondipweteka ndi amayi. Mukukumbukira kuti sewero lomwe ndinagona m'bokosi linaonetsedwa abambo atangotisiya kumene. Munandiuza nokha kuti amayi anazimitsa TV, n'kuiphimba ndi nsalu ya patebulo, amvekere sanabereke mwana woti azimuika m'manda sabata iliyonse. Kuyambira pamenepo sanaonerenso sewero langa. Pafoni amandifunsa ngati ndadya, ngati juzi ndili nayo, koma za ntchito yanga satchula. Zimandiwawa kuti mayi wondibereka sanaonepo chimene ndimatha.

Tsopano imvani zomwe zachitika. Chaka chino ananditenga m'sewero lalitali la pa TV, kuti ndikhale telala wofedwa mkazi, wolera yekha mwana wamkazi. Ndinakaphunzira kupalasa makina kwa telala weniweni wa pakhonde pafupi ndi nyumba yanga, mpaka singano inandilowa m'chala. Kwa nthawi yoyamba ndinali ndi mawu ambiri oloweza, ndi mpando wangawanga pamalo ojambulira.

Ndiye tsiku lina otsogolera sewerolo, mayi ena aafupi osaseka ndi munthu, anandiitanira pambali. Anati oonera akufunika kulira, choncho telala adwala n'kumwalira m'chipatala, ndipo palibe amene angaichite bwino imfayo kuposa ine. Ndinawapempha kuti ulendo uno okha andisiye ndi moyo. Anayankha kuti nkhani ndi ya olemba, ndipo ndikakana, pageti pali anthu ambiri odikira kufa m'malo mwanga.

Tsiku lojambula anandigoneka pabedi lachitsulo, m'chipinda chomwe dzulo lake chinali ofesi ya loya. Anandipaka zotuwitsa milomo, n'kumata kachubu padzanja ndi selotepi. Mtsikana wosewera ngati mwana wanga anandigwira dzanja linalo. Zolembedwa zinali zoti ndinene mawu omaliza, nditseke maso, iye alire, kamera izime.

Mawuwo ndinanena, maso ndinatseka. Ndili chitsinzinire ndinakumbukira abambo m'wodi muja, mmene ankativutira kuti tiwabweretsere nsapato zawo azipita kunyumba, ife n'kumawanyengerera kuti mawa, mawa. Ndinadziwa kuti ndikatsatira zomwe mtima ukundiuza, ntchito ithera pomwepo. Ndinatsegulabe maso. Ndinadzuka pang'onopang'ono, n'kumuuza mtsikanayo kuti asiye kulira, andipatse nsapato zanga, kunyumba kuli madiresi a eni ake osamaliza.

Mtsikanayo, mwana wanzeru, sanacheukire aliyense. Anagwada n'kusuzumira pansi pa bedi, akuseka uku misozi ikutsika. Nsapato zanga zenizeni zinali pomwepo, pomwe ndinazivulira. Anandiveka imodzi ndi inzake, kamera ikujambulabe.

Atazimitsa, mayi aja anandikalipira pamaso pa onse kuti ndine wamwano, ndipo sadzanditenganso m'sewero lawo lina lililonse. Ndinangowerama, poti mwanowo ndinachitadi. Masiku angapo foni yanga sinalire. Kenako anatumiza uthenga wachidule kuti olemba asintha nkhani, telala wachira, m'mawa ndikapezeke pamakina anga.

Mawu awo oyamba aja sanabweze, ndipo mwina seweroli likatha ndidzakhala pakhomo. Ngakhale zitatero, kukauntala sindibwera, achimwene. Musakhumudwe nane. Ntchito yanga ndi imeneyi, ndipo ndikatsekeredwa khomo ili ndidzagogoda pena monga ndinkachitira ndili mnyamata. Kushopuko muikeko mwana wa azakhali, misomali ndi mabawuti amazidziwa kuposa ine.

Pempho langa ndi limodzi. Gawo limeneli lionetsedwa Lamlungu lomaliza la mwezi uno. Mukachotse nsalu ija pa TV, muwakhazike amayi pampando wawo. Adzakana, koma inu amakumverani. Ndikadzatseka maso adzafuna kuimirira, ndikuwadziwa. Pamenepo mudzawagwire dzanja, muwauze kuti adikire pang'ono chabe, mwana wawo akufuna nsapato.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana ndi kwa azakhali. Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Malemu wamoyo